Anagwetsa Nyumba Mwini Ali Moyo

Dedza boma
3 Juni 2024

Okondedwa achemwali a Linda,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu. Kaya Joni akukusungani bwanji? Kuno tili bwino, kungoti chisanu chaka chino chabwera ndi ukali, m'mawa madzi a m'ndowa akuluma zala. Pepani za foni yanu anakutsomphorani ija. Kalatayi ndapatsira a Themba oyendetsa basi, akuti akusiyirani pa geti ya abwana anu.

Musadzidzimuke, koma amayi ali m'chipatala kuno ku boma kuyambira Lachitatu. Ndi chibayo. Ndinachita kukawanyamula ku Lobi akukana, ati nyemba zawo aziyang'ana ndani. Pano akupezako bwino. Dzulo anamwa phala n'kumukalipira mlamu wanu kuti shuga wachepa, ndiye inu mukudziwa kuti munthu wayamba kuchira. Adokotala akuti akhalebe masabata angapo chifukwa mapapo afooka.

Tsopano imvani nkhani yokoma. Kalabu yathu ija ya Mtima Umodzi, imene munkandiseka kuti timangokumana kumwa tiyi, mlembi wake pano ndine mlongo wanune. Timakumana Loweruka loyamba la mwezi kuseri kwa sitolo ya a Jafali, amene ndi wapampando wathu. Muli a masitolo, aphunzitsi, namwino mmodzi, Asilamu ndi Akhristu pamodzi, pemphero lotsegulira timachita kusinthana. Chaka chatha tinagawa mabulangete ku Mayani, china chija tinakonza mjigo. Chaka chino tinagwirizana zomangira nyumba munthu wokalamba mmodzi. Maina anabwera anayi. Ine ndinaonetsa chithunzi cha nyumba ya amayi, ming'alu ija yoti uli m'kati nkhuku ukuziona panja, n'kunena kuti chibayocho chachokera momwemo. A Raheema, a sitolo ya nsalu aja, misozi inalengeza m'maso. Palibe anatsutsa.

Njerwa zootcha, malata, simenti pansi, mawindo agalasi, achemwali! Tikufuna akamadzatuluka m'chipatala adzangopeza zatheka, choncho nkhaniyi isawafike. Inu mbali yanu mutumize makatani a mawindo atatu ndi bulangete lolemera la kumeneko. Zofiira ayi, mukuwadziwa amayi anu.

Ndine mlongo wanu,
Misheck
Mlembi, Mtima Umodzi


Joni
12 Juni 2024

Misheck,

Moni ndikukupatsa chifukwa ndinaleredwa, koma mtima wanga suli pa moni. Amayi mwaika liti?

Ndikufunsa iweyo. Lamulungu kutchalitchi ndinakumana ndi Tiwonge, mwana wa aNachisale anzawo a amayi aja, amene amagwira ntchito ku saluni kuno. Atangondiona anandigwira dzanja n'kuyamba kundipepesa. Ine ndimvekere, kupepesa kwa chiyani? Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi chimene anamutumizira mng'ono wake. Misheck, mtengo wa pichesi uli pomwepo, nkhokwe ili pomwepo, khitchini ili pomwepo, nyumba ya amayi palibe. Mulu wa dothi ndi udzu basi. Ndinakhala pansi pakhomo pa tchalitchi anthu akundilambalala.

Iwe ndi ine tinaona limodzi agogo atamwalira. Ataikidwa, anthu atameta, amalume a Petulo ndi anzawo anakankha zipupa za nyumba yawo, iwe ukulira kuti mpira wako watsala m'katimo. Kwathu nyumba ya munthu sagwetsa mwini ali moyo. Ndiye ngati yagwa, ndiye kuti zonse zinatha kale, kumanda, kumeta, zonse, ine ndili pano ndikupukuta magalasi a eni ake.

Masiku atatu ndakhala ndikuimba foni yako pa foni ya Tiwonge, siikupezeka. Kumudzi akuti anthu akulira, ndipo akuti iwe amayi wawaika wekha ku boma ngati munthu wopanda abale. Sindikufuna kukhulupirira, koma ine n'zoti akudwala sindinamve n'komwe. Anadwala chiyani? Ananditchula? Chitenje cha bungwe lawo la amayi a Chikatolika, chimene ankati adzapite nacho, munawaveka?

Chakudya sichikulowa. Abwana andiuza kuti ndipite, koma ukudziwa kuti mapepala anga anatha, ndikatuluka m'dziko muno sindibwereranso, ndipo ana anga ku Lilongwe sukulu yathera pomwepo. Undiyankhe ndi basi yomweyi. Ngakhale zili zoipa bwanji, undiuze zonse.

Linda


Dedza boma
21 Juni 2024

Achemwali,

Amayi ali moyo. Mawu awo mwawamva kale dzulo pa foni ya Tiwonge, koma ndilembenso kuti muone ndi maso: ali moyo, m'mawa uno adya mbatata ziwiri. Zikomo kuti simunawatchulire za nyumba, iwo sakudziwabe kanthu. Kalata yanga yoyamba a Themba anaiiwala m'thumba la jekete, ibwera limodzi ndi ino. Muyambe kuwerenga imeneyo, mwina mkwiyo uchepako.

Zinayenda chonchi. Pakhomo paja mukudziwa kuti malo athyathyathya ndi omwe panali nyumba aja, kwina konse ndi chitunda ndi miyala. Mmisiri anati yatsopanoyo ikhale pomwepo. Loweruka pa 8 tinapita anthu khumi ndi awiri pa lole ya a Jafali, tonse titavala malaya athu achikasu a kalabu. Mudzi tinaupeza uli zii, anthu onse anali ku ukwati kuseri kwa phiri. Katundu tinamutulutsa bwinobwino n'kumuika m'khitchini. Chithunzi cha Amayi Maria chija a Raheema anachikulunga ndi mpango wawo womwe kuti chisasweke. Kenako tinamanga zingwe n'kukoka tikuimba. Sinavute n'komwe, dzuwa lisanafike pamutu tinali titatha, tinajambulitsa n'kubwerera ku boma.

Lolemba tinabwereranso ndi njerwa, tikuimbabe pamwamba pa lole, dalaivala akuliza hutala. Titakhota pa mjigo paja nyimbo inazima yokha. Pakhomo pa amayi panali podzaza. Azibambo pansi pa pichesi, zitsa zikufuka, kwaya ikuimba, m'khitchini azimayi akulira. Ine, mwana wa pakhomopo, ndinatsika n'kufunsa kuti wamwalira ndani. Amalume a Petulo, amene anapalasa njinga kuchokera ku Kaphuka atamva uthenga, anadzuka n'kubwera pafupi.

"Mlongo wanga wamuika kuti?"

Achemwali, ndinapeza maliro a amayi athu ali tsiku lachiwiri. Nditanena kuti ali moyo, ali m'chipatala, tikungofuna kuwamangira nyumba yabwino, panangoti zii. Gogo mmodzi wosamva bwino anapitiriza kulira yekha mpaka anachita kumugwedeza. Amalume sanandimenye, bola akanandimenya. Anayang'ana mulu wa dothi uja, anayang'ana malaya athu achikasu, n'kuti, "Ndiye mwatsogoza nyumba kuti mwini atsatire?"

A Jafali nkhope inagwa. Anandikokera pambali n'kunong'ona kuti, a Misheck, paja munati a pabanja avomera. Ndinawauza kuti tikambirana bwino.

Mwambowo ndimaudziwa, sindikana, koma ine ndinkayesa ndi zinthu zakale zoti zinatha. Komanso tinene zoona, nyumba imene ija ikanagwa yokha ndi mvula ikubwerayi, mwina amayi ali m'katimo. Anthu a kumudzi nkhani amaikuza. Ntchito sinaime, ine ndakhala komweko ndi amisiri, n'chifukwa chake foni simaipeza, paja netiweki mpaka ukwere phiri. N'chifukwa chakenso uthenga woti amayi ali moyo unachedwa kukufikani kuchokera kumudzi. Malata akhoma mawa. Amayi atuluka pa 29, tidzapita nawo molunjika kukawapatsa makiyi. Akadzaona simenti ndi magalasi aja mtima udzatsika, muona.

Mlongo wanu,
Misheck


Kaphuka
6 Julaye 2024

Linda mwana wanga,

Ndine mayi ako, aja anamwalira mwezi watha. Uli bwanji kumeneko? Ndikulemba ndekha, ukhululuke zilembo zikuvina, dzanja silinabwerere mwakale.

Loweruka lapitalo anadzanditenga kuchipatala pa galimoto ya mwini sitolo wina, a Jafali, munthu waulemu ndithu. Anandikhazika kutsogolo ngati mkwatibwi. Ine ndimati ndi chikondi cha mlongo wako. Titafika kumudzi ndinaona anthu a malaya achikasu akuomba m'manja, nyumba ya njerwa, nsalu yopyapyala atamanga pakhomo, wina n'kundipatsa sizasi kuti ndidule. Ine maso ali uku ndi uku kufuna nyumba yanga. Ndinamufunsa Misheck kuti nyumba yanga ili kuti, iye amvekere, ndi imeneyi amayi.

Anthu a m'mudzi anaima patali, cha ku nkhokwe. Palibe anathamanga kudzandilandira. ANachisale, mnzanga wa zaka makumi asanu, anandipatsa moni ndi nsonga za zala. Ndi iwo anandiuza zonse, kuti anandilira masiku awiri, kuti kwaya inaimba nyimbo zanga zija ndinasankha. Akuti iwo analira mpaka mawu kutha, pamenepo ndathokoza, si onse amadziwa m'mene adzawalirire. Koma mwana wanga, ndinaima pakhomo panga ngati mlendo wochokera kumanda.

Nyumbayo ndi yokongola, ndisaname. Koma yakhala pamwamba pa yanga. Imene ija tinaumba ndi bambo ako ndi manja athu, iwe ndinakuberekera momwemo, chaka ndi chaka ndimaizira ndekha. Inali yong'aluka, inde, nanga ine sindine wong'aluka? Bwanji osandifunsa? Pakamwa ndinali napo, m'chipatalamo ndimalankhula tsiku lililonse.

Sindinadule. Sizasi ndinaibweza kwa mayi wina wa mpango kumutu, amene anayamba kulira, ameneyo mtima wake ndi wabwino. Ndinawauza kuti munthu amene nyumba yake yagwetsedwa kwawo n'kumanda, ine kumandako sindinafike, ndiye pakali pano ndilibe kwathu. Ndinakwera pa njinga ya amalume ako.

Ndiye ndili kuno. Taganiza, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, mwini mudzi, kukhala kuchikamwini kwa mlongo wake, mchere kuchita kupempha kwa alamu. Akundisunga bwino, koma manyazi akundidya. Kuno kumazizira kuposa kwathu ndipo chifuwa chayambiranso pang'ono. Nyemba zanga kaya anakolola ndani.

Mlongo wako usamutemberere, ndi wopusa chabe, anatengera bambo ake. Ukapeza wobwera unditumizire mankhwala opaka pachifuwa onunkhira aja.

Ndine mayi ako,
Elena


Joni
18 Julaye 2024

Misheck,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Makalata ako awiri ndawerenga, ya amayinso yafika. Ndinawerenga nditakhala pansi, chifukwa ndaphunzira kuti za kwathu sawerenga choimirira.

Ndili ndi funso limodzi. Walemba wekha kuti a Jafali anati, paja munati a pabanja avomera. A pabanja ake ati? Amayi sunawafunse. Amalume, eni mbumba, anamva ndi uthenga wa maliro. Ine unandiuza za makatani, zogwetsa sunatchule. Ndiye anavomera ndani? Unanama pamsonkhano, Misheck, ndipo anthu aja anakoka zingwe chifukwa anakhulupirira iwe. Lero m'mudzi monse akuti Asilamu a ku boma anagwetsa nyumba ya Elena, chonsecho wolakwa ndi mwana wa Elena yemwe.

Usandiuzenso zoti anthu a kumudzi amakuza nkhani. Ine ndinalira amayi anga masiku khumi ndi limodzi m'nyumba ya eni, ndikumwetulira ana awo. Amayi ali kuchikamwini kwa amalume akutsokomola. Pita ukanene zoona ku kalabu yakoyo, kenako mupeze njira yoti amayi abwerere kwawo. Njira yake akuuzeni ndi iwo, osati mmisiri.

Makatani ndinagula, a buluu, ali pansi pa bedi langa. Ndidzatumiza tsiku limene ndidzamve kuti amayi agona ku Lobi. Mankhwala opaka ndapatsira a Themba, uwaperekeze msanga. Za mapepala ndayamba kuyendera, Mulungu akalola Disembala ndili konko.

Mlongo wako,
Linda


Dedza boma
12 Ogasiti 2024

Okondedwa achemwali,

Moni. Kuno tadzuka. Mankhwala ndinakapereka ndekha.

Kalata yanu inandiwawa, ndinakhala nayo sabata m'thumba. Pamsonkhano wa pa 3, monga mlembi, ndinaimirira kuti ndiwerenge zomwe tinakambirana mmbuyomu. Ndinatsegula za mu Juni. Palembedwa ndi dzanja langa lomwe kuti wapampando anafunsa ngati mwini nyumba ndi abale avomera, ndipo mlembi anayankha kuti inde. Ndinawerenga mzere umenewo n'kuima. Ndinawauza kuti linali bodza. Ndinati ndinkaopa kuti amayi akana, komanso zaka zonsezi ndalephera kuwamangira ndekha, ndiye ndinkafuna anthu a ku Lobi aone kuti Misheck wabwera ndi lole.

Achemwali, tiyi anazizira m'makapu. A Bartholomew, aphunzitsi aja, anamenya tebulo kuti ndichotsedwe pompo. A Jafali anati kuchotsa munthu n'kosavuta, koma mayi uja akhalabe opanda kwawo. Amene anatidabwitsa ndi a Raheema, amene nthawi zambiri salankhula. Anati zaka zisanu ndi chimodzi takhala tikugawa zinthu, kodi ndi liti tinamufunsapo munthu chimene akufuna? Anati ku Mayani kuja mayi wina anawanong'oneza kuti bulangete ali nalo, chimene alibe ndi chitseko, koma iwo anangomuuza kuti amwetulire ajambulidwe.  Tinakhazikitsa lamulo loti tisanathandize munthu, awiri azipita kukakhala naye pansi. Ulembi andisiyira, ati ndizilemba zoona.

Loweruka lapitali tinapita ku Kaphuka, opanda malaya achikasu, titanyamula tambala. Tinakhala pa dothi. A Jafali, bambo a imvi zawo, anagwada pamaso pa amayi. Amayi anatisiya choncho nthawi yaitali akusenda mbatata, kenako anayankhula. Ya njerwayo akuti tipatse ana a mkaka a m'mudzimo aziphunziriramo, iwo sadzapondamo. Akufuna yawo ya dothi, yofolera ndi udzu, pambali pa pichesi, khomo liyang'ane kumene linkayang'ana. Aganyu ayi.

"Manja amene anagwetsa ndi omwewo aumbe," anatero. "Ikatha abwere akatekisiti adzawaze madzi odalitsa, mudzi udye, anthu adziwe kuti Elena wabwerako. Tsiku limenelo ndidzakwera galimoto yanu."

Titavomera anaseka, koyamba chichokere m'chipatala. Anawafunsa a Jafali ngati mapazi awo anapondapo matope chibadwire.

Tiyamba Loweruka likubwerali. Vuto ndi lakuti Lachisanu anzathu ali ku mzikiti, Lamulungu ife tili ku tchalitchi, pakati pa sabata masitolo ndi sukulu, ndiye tsiku lathu ndi Loweruka lokha. Tawerengera kuti Maloweruka anayi tatha, pa 7 Seputembala tifolera. Amalume akuti tifulumire, chifuwa chija sakuchikonda. Ine ndawauza kuti chisanu chikutha, dzuwa likayamba kutentha apeza bwino. Makatani aja konzani, ngakhale zenera likhala limodzi.

Mlongo wanu,
Misheck


Lobi
9 Seputembala 2024

Achemwali anga,

Moni wake sindikumupeza. Pa foni Lachiwiri lija ndinangoti amayi atisiya, inu n'kufunsa katatu ngati ulendo uno ndi zoona. Zina zonse zinandikanika pakamwa, ndiye ndalemba.

Anamwalira m'mawa, ku Kaphuka, amalume ali pambali. Dzulo lake anafunsa kuti nyumba yafika pati. Anawauza kuti zipupa zatha, phaso lakwera, udzu tamweta uli m'mitolo, kwatsala kufolera basi. Akuti anagwedeza mutu n'kunena kuti anyamata a masitolo aja ayesetsa. Tinatsala ndi Loweruka limodzi, achemwali. Tikanatseka masitolo masiku atatu okha pakati pa sabata, bwenzi atagonamo. Palibe mmodzi wa ife anaganizako.

Tinabwera nawo pa lole ya a Jafali. Pofika pakhomo tinasowa powagoneka. Ya njerwa amalume anakana, yadothi ilibe denga, ndiye anagona m'khitchini, pakati pa katundu wawo yemwe tinaunjika mu Juni. Chitenje cha bungwe chija anawaveka. A kalabu anabwera onse, azibambo anakhala ndi azibambo anzawo, a Raheema anasenza madzi ndi azimayi a m'mudzi masiku onse awiri. Chimene chinandiopsa n'chakuti anthu sanalire kwambiri. Ankayamba, kenako n'kumayang'anana. ANachisale anandiuza m'maso muli gwa kuti misozi yawo ndinawabera mu Juni.

Tinaika Lachinayi. Loweruka, tsiku lomwe tinkati tifolere, ndi limene tinameta. Titatha, azibambo a m'mudzi anabwera ndi makasu ndi mitengo monga mwa mwambo, n'kuima pabwalo kudikira kuti amalume awalozere nyumba ya malemu. Amalume anayang'ana ya njerwa ija, amayi sanalowemo. Anayang'ana yadothi ija, amayi sanagonemo. Kenako anayankhula osandiyang'ana n'komwe.

"Bwererani, abale anga. Ntchito imeneyi Misheck anagwira kale."

Anthu ananyamula makasu awo n'kumapita mmodzimmodzi. Ine ndinatsala chiimire pabwalopo mpaka mlamu wanu anadzandikoka dzanja.

Udzu uli pomwepo m'mitolo, mbuzi zayamba kusolola. A Jafali atumiza uthenga kufunsa ngati Loweruka likubwerali a kalabu abwere tidzafolere, kapena tiisiye choncho. Sindinawayankhe. Amalume ndawafunsa, akuti ndifunse inu. Ndiuzeni, achemwali, ndidikira kalata yanu.

Ndine mlongo wanu,
Misheck